Theka la Kapu

Amalume anga a Yotamu Mwale anamwalira mwezi watha, mvula yoyamba isanagwe, ndipo tinawaika kwawo ku Nsefu. Anali khukhi. Anaphikira alendo m'makampu a m'mbali mwa Luangwa zaka zoposa makumi atatu, koma kumudzi ndi anthu owerengeka amene analawapo chophika chawo. Chimene onse ankawadziwira ndi funso limodzi limene ankafunsa mpaka kutopetsa anthu, ndipo funsolo linasanduka dzina lawo. Ana ndi akulu omwe ankawatchula kuti a Kapu-iti.

Tsiku la maliro, ndikudutsa ndi ndowa ya madzi pafupi ndi mtengo wa msikidzi pamene panakhala azibambo, ndinamva wina akukumbutsa anzake nkhani ya kapu. Amati katswiri wa miyeso uja anatsala pang'ono kupha mdzukulu wake yemwe ndi muyeso wolakwika. Anaseka chapansipansi, monga amasekera anthu pamaliro. Ine mtima unandipsa moti madzi ananditayikira pachitenje. Mlandu umenewo amalume anausenza zaka khumi ndi zisanu mpaka kulowa nawo m'manda, chonsecho sunali wawo. Ndinalipo pamene zinkachitika, ndipo ndinauzidwa kuti nditseke pakamwa. Tsopano amene ndinkawasungira chinsinsicho andimasula.

Ndiyambe ndi funsolo. Ukanena kuti thirani kapu imodzi ya madzi, amalume sankathira. Ankakuyang'anira pamwamba pa magalasi awo n'kufunsa kuti kapu iti. Ankati kapu ndi chiwiya chomwera, si muyeso, chifukwa muyeso umakhala ndi nambala yake. Kapu ya m'mabuku ophikira imalowa mamililita 250, ndipo makapu anayi otere amadzaza lita imodzi. Ya m'mabuku a ku Amereka ndi yocheperako pang'ono, pafupifupi 240. Koma makapu apulasitiki okhala ndi chogwirira, amene ali m'nyumba zathu zonse kuchigwa kuno, amameza theka la lita osatsamwa. Masipuni nawo chimodzimodzi. Yaing'ono ya tiyi ndi mamililita asanu, yaikulu ndi khumi ndi asanu, ndiye aang'ono atatu ndiwo amapanga yaikulu imodzi. Zonsezi ankazinena m'Chikunda, kapena m'Chinyanja ngati womverayo ndi wakumtunda, koma manambala okha ankatuluka m'Chingerezi.

Sukulu sanapite nayo patali. Nzeru zimenezi anazitola kukhitchini, ndipo anazipeza atachita kaye manyazi. Pamene ankayamba kuphika, zonse zinali mapainti. Bwana wawo woyamba ankayeza mkaka ndi msuzi m'mapainti, amalume n'kuloweza kuti painti ndi theka la lita ndi kanthu pamwamba, mamililita 568. Chaka china kunabwera mayi wina kudzayang'anira kampu, atanyamula buku lake lophikira la ku Amereka. Anawakopera papepala kaphikidwe ka buledi woti alendo adye m'mawa mwake. Amalume anathira mapainti awiri a madzi monga pepalalo linanenera, ufa n'kumata m'manja ngati ulimbo. Uvuni wa kukampuko unali dzenje lokumba pansi, makala pansi ndi pamwamba, ndipo chimene chinatuluka m'dzenjemo ankati ngakhale anyani anayamba achinunkhiza kawiri. Mayiyo anawakalipira pamaso pa antchito onse kuti ndi khukhi wanji wosatha kuwerenga.

Alendo atapita kukaona nyama, amalume anakhala kuseri kwa khitchini ndi ndowa ya madzi, bukulo, ndi jagi yagalasi yokhala ndi mizere ya manambala, kuthira ndi kukhuthula masana onse. Kumapeto kwa bukulo anapeza timanambala ting'onoting'ono tonena kuti painti yake ndi 473. Kunali mapainti amitundu iwiri padziko lapansi, ndipo panalibe amene anawauzapo. Anakamuitana mayi uja n'kuthira mapainti awiriwo pamaso pake, m'mabotolo awiri ofanana. Paja kutsutsa galu n'kukumba. Mayiyo anapepesa, ndipo pochoka kumapeto kwa nyengo anawasiyira jagiyo kuti ikhale yawoyawo. Kuyambira pamenepo sankakhulupirira muyeso wongomva asanathire okha ndi kuona pamene madzi alekezera.

Sindikufuna kuwayeretsa chifukwa choti apita. Amalume anali munthu wovuta. Ineyo anandichititsapo manyazi pamaso pa apongozi anga atandipeza ndikumwetsa mwana wanga mankhwala a chifuwa ndi sipuni yodyera phala. Anandilanda sipuniyo, anaiyeza pomwepo, n'kulengeza kuti ndikupatsa mwana mmodzi mankhwala a ana awiri. Zinali zoona, koma akanatha kundiitanira pambali. Ndinatha miyezi iwiri osawapatsa moni, iwo osazindikira n'komwe kuti ndakwiya.

Atapuma ntchito, khonde lawo linasanduka ofesi. Anakhomera thabwa kukhoma n'kundandalikapo mabotolo, lililonse lili ndi mizere yozokota ndi msomali. Nyengo ya thonje alimi ankabwera ndi mankhwala opopera. Pabotolo pamakhala patalembedwa mamililita akuti pa sipuleya imodzi, koma kumunda munthu alibe choyezera, ndiye amathira ndi chitsekerero, ziwiri kapena zitatu monga mtima wamuuzira, n'kuwonjezeranso china choti mbozi zimve bwino. Amalume ankatenga kabotolo kopanda ntchito, kuthiramo madzi oyeza ndi sirinji, n'kuzokota mzere woti munthuyo azilekezera pamenepo. Mnansi wawo, a Zulu, anazikana zimenezi, amati mbozi za ku Nsefu sizidziwa Chingerezi. Anathira mowirikiza, masamba a thonje n'kupsa m'mbalimbali munda wonse. Amalume anapita kukaona. Anayenda mzere umodzi wathunthu manja ali kumbuyo, n'kufunsa a Zulu ngati mbozizo tsopano zaphunzira. Awiriwo sanasewerenso bawo limodzi mpaka thonje litathyoledwa.

A Zulu omwewo ndiwo ankakonda kuwabaya ndi nkhani ya kapu akakangana. Munthu amene sankagonja pa mtsutso uliwonse, apa pokha ankakhala chete.

Nkhaniyo inayenda chonchi. Amalume ndi akazi awo, amene ife timawatchula kuti azakhali, anali ndi mwana mmodzi yekha amene anakula, Esinati. Anakwatiwa ndi Eliyasi, dalaivala wonyamula alendo kuchokera ku bwalo la ndege la Mfuwe. Esinati anabereka mwana wamkazi m'nyengo yozizira, ndipo khandalo lili ndi milungu isanu ndi umodzi, iye anadwala masiku anayi n'kumwalira. Dzina limene khandalo linapatsidwa poyamba linaiwalika, aliyense n'kumangolitcha Misozi. Amalume anabwera kudzaika mwana wawo, anakhala masiku ochepa, n'kubwerera kukampu poti inali nyengo ya alendo ndipo kunalibe wina wophika. Misozi anatsala m'manja mwa azakhali. Ine ndinkapita kukathandiza masana ndikamaliza zakwanga.

Eliyasi ankagula mkaka wa m'chitini ku Chipata, ndipo sunasowepo m'nyumbamo. Kuchipatala namwino anawafotokozera azakhali bwinobwino kuti azithira timasipuni tinayi ta m'chitinimo pa madzi owiritsa okwana mamililita 120. Ataona kuti nambalayo sikuwalowa, anawathandiza powauza kuti ndi pafupifupi theka la kapu. Namwinoyo sananame. Kungoti kapu imene inali m'mutu mwake ndi imene inali m'dengu la mbale la azakhali zinali zosiyana. Azakhali anasankha kapu yatsopano yobiriwira, yaikulu, poti ankafuna kuti mkaka wa mdzukulu wawo uzikhala m'chiwiya chimene sanamweremo munthu. Ankaitsuka ndi madzi otentha nthawi iliyonse. Sindinaonepo munthu akusamala mwana ngati mmene ankachitira mayi amenewo.

Mwanayo ankamwa mpaka mimba kukwera, koma osakhuta. Ankalira, kunyowetsa matewera, kuliranso. Ku sikelo mzere wa pakhadi unaima, kenako unayamba kutsika. Namwino atafunsa za kasakanizidwe, azakhali anayankha zoona zokhazokha, kuti timasipuni tinayi pa theka la kapu. Khungu la m'mikono ya mwanayo linayamba kukwinyika. Ndiye anthu anayamba kunong'ona mawu amene amanong'onedwa mwana akamaonda popanda matenda ooneka, akuti ndi tsempho. Amati bambo wake wayenda ndi mkazi wina nthawi isanakwane, n'kudzanyamula khanda ali wotentha. Eliyasi ankagwira ntchito pakati pa atsikana a m'maloji, ndiye kwa anthu umboni unali wokwana. Analumbira mpaka kugwetsa misozi, koma panalibe womumvera. Amayi ake atamva, anatumiza mawu kuti ngati mwana wawo akunamiziridwa, adzatenga khandalo kupita nalo ku Chipata. Anawonjezera kuti pafunika kufunsa bwino za nyumba imene mwafa mayi, tsopano mukufa mwana. Aliyense anamva chimene ankatanthauza. Ankhoswe anagwirizana zokumana Loweruka m'mawa.

Amalume anafika Lachisanu pa njinga, kampu itatsekedwa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anamuyang'ana Misozi nthawi yaitali osamunyamula. Kenako anakhala pakhomo la khitchini n'kumaonerera akazi awo akusakaniza mkaka. Azakhali atapita kumjigo, anandituma chitini cha mkaka n'kuwerenga manambala ake chala chikuyenda pansi pa mzere. Anatulutsa jagi yawo m'chikwama, anathira madzi m'kapu yobiriwira ija kufika pakati, n'kukhuthulira m'jagimo. Madzi anaima pa 250. Anabwerezanso.

"Kapu iyi yachokera kuti?" anandifunsa.

"Ndinagula ndine pamsika wa Jumbe, amalume. Inu munali mutabwerera kale kukampu."

"Mwana uyu si mkaka akumwa, ndi madzi. Masipuni four amafuna one twenty. Apa pali two fifty." Anavula magalasi. "Iwe sunaone kanthu. Wamva?"

"Koma mawa anthu akufuna kumva chimene chikudya mwanayu."

"Adzamva. Wolankhula ndine, osati iwe."

Anasakaniza okha mkaka woyenera n'kumumwetsa mwanayo pang'onopang'ono. Azakhali pobwera anapeza jagi ili pambali pa kapu yawo, madzi akadali momwemo. Sankadziwa kuwerenga, koma anali atakhala ndi mwamuna ameneyo zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo ankadziwa tanthauzo la jagi yoikidwa pambali pa chiwiya cha munthu. Anatula chigubu n'kukhala pansi pomwepo.

M'mawa mwake ankhoswe, Eliyasi, amayi ake ndi achibale ena anakhala pabwalo. Asanayambe n'komwe za tsempho, amalume anaimirira ndi jagi ndi kapu n'kuthira madzi pamaso pa onse. Anafotokoza kuti mkaka wa mwanayo wakhala ukusungunulidwa ndi madzi owirikiza kawiri, ndipo ndi njala imene ikumuondetsa. Amayi a Eliyasi anatembenukira kwa azakhali, pakamwa patatseguka kale.

"Yang'anani kuno, asewere," anatero amalume. "Tsiku lomwe ndinkabwerera kukampu, amake Esinati anandifunsa kuti theka la kapu limene anena anamwino ndi liti. Ndine ndinaloza kapu iyi. Sindinayeze, mutu unali kumanda. Iwo achita zimene ndinawauza, monga achitira zaka zonse. Eliyasi alibe mlandu, amake Esinati alibe mlandu. Mwanayu akanafa, womupha ndikanakhala ine."

Linali bodza lankunkhuniza. Azakhali sanawafunse kanthu, ndipo tsiku limene ankanenalo kapuyo inali ikadali pamsika. Ndinayang'ana azakhali. Maso awo anali pamphasa, zala zikusosola bango.

Eliyasi anaimirira. Anali atatha mwezi wathunthu akutchedwa wachigololo, dothi la pamanda a mkazi wake lisanaume. Anangoti, "Atate, inu amene mumayeza masipuni a anthu ena?" n'kuchoka. Amayi ake analankhula zambiri zimene sindingathe kulemba, ndipo amalume anazimva zonse ali chiimire, jagi ili m'manja. Koma zotenga mwana zinathera pomwepo, poti azakhali anapezeka opanda chifukwa, ndipo kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Lolemba amalume anamutengera okha Misozi kuchipatala, atanyamula jagi ndi kapu yomwe. Patatha milungu itatu mzere wa pakhadi unatembenuka. Lero Misozi ali giredi naini ndipo wandiposa msinkhu.

Nkhaniyo inafika mpaka kumakampu. Amalume akadzudzula mnzawo wakukhitchini pa muyeso, ankawabwezera funso lawo lomwe, kuti nanga kwanu kuja inali kapu iti. Kumudzi amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ankawaseka, koma akafuna mzere pabotolo ankabwerabe. Eliyasi anapitiriza kugula mkaka, kenako mayunifolomu ndi makope, ndipo ankabwera mwezi uliwonse kudzaona mwana wake. Kwa azakhali ankapereka moni atanjuta, ndi kuwabweretsera shuga ndi sopo. Koma amalume, Eliyasi ankangowaponyera "mwaswera bwanji" ali chiimire, chipewa chili kumutu, n'kupitirira. Pazaka zonsezo sanapondepo pakhonde lawo.

Ndinawafunsa kamodzi kokha. Anali atapuma kale ntchito, ndipo ndinkawathandiza kutsuka mabotolo.

"Amalume, Misozi wakula. Bwanji osamuuza Eliyasi?"

"Kumuuza kuti atani?"

"Kuti aleke kukuonani ngati munthu amene anafuna kumuphera mwana."

Anapitiriza kupukuta botolo. "Ine andiseka, basi. Mwamuna akaphonya amamuseka. Mkazi wachikulire amene waika mwana wake, lomba mdzukulu akuuma m'manja mwake, amamutcha dzina lina. Ukulidziwa dzinalo. Ukuganiza kuti akanakhala m'mudzi muno?"

Kenako anandiuza kuti botolo limene ndatsukalo likadali ndi mafuta.

Ndinene poyera kuti ndinkawakonda bambo amenewo, pamodzi ndi kuvuta kwawo komwe, ndipo zinkandiwawa kuona anthu amene sadziwa kuti m'chigubu mumalowa malita angati akuwagwedezera mutu. Chinthu chimodzi chimene ankachinyadira pa moyo wawo chinali chakuti muyeso wawo sunama. Anachipereka m'mawa umodzi popanda wowapempha, ndipo sanachifunenso. Ngakhale kwa azakhali sindikhulupirira kuti anaitchulanso nkhaniyo. Awiriwo anapitiriza kukangana za mchere ndi za nkhuku monga kale.

Chaka chomaliza maso awo anachita ng'ala. Manambala a pajagi sankawaonanso, koma mizere ya pamabotolo ankaipeza popapasa ndi chala chachikulu, n'kuuza mlimi kuti athire mpaka pamene pali chalacho. Mankhwala awo amadzi sankalola kuti wina aliyense awayezere kupatula Misozi, ndipo nayenso ankamuuza kuti atchule nambala mokweza asanawamwetse.

Lamlungu lapitali ndinali kwa azakhali pamene Eliyasi anabwera kudzaona mwana wake. Atapereka moni n'kufuna kupitirira, azakhali anamuimitsa.

"Atate a Misozi, bwerani kuno. Iwenso usachoke," anandiuza ine. Analankhula ngati akunena za mbewu. "Kapu ija sanaloze iwo. Sindinawafunse. Anali atapita kale kukampu. Ndinasankha ndekha."

Eliyasi anandiyang'ana, ine ndinavomera ndi mutu.

"Zaka zonsezi, amayi?"

"Anandiletsa. Lomba wondiletsa palibe. Amene akufuna kunditcha dzina anditche, ndakalamba." Anatembenukira kwa ine. "Iwe umadziwa kulemba. Lemba, anthu aleke kuwaseka."

Eliyasi anayenda kupita kukhonde la amalume.

Pakhondepo thabwa likadalipo, mabotolo ali m'malo mwake, fumbi litayamba kudzaza m'mizere. Sirinji ili m'chitini, msomali uli pambali pake. Jagi azakhali anaivundikira kuti mavu asamangemo. Sabata yatha kunabwera mlimi ndi botolo la mankhwala ophera udzu, anaodira kawiri, kenako anakumbukira n'kubwerera nalo. Mpando wa ndalema uli pomwe unkakhala, utayang'ana kunjira, nsalu yake itafwifwa pamene pankatsamira mutu.

Eliyasi anavula chipewa asanaponde pakhondepo. Mpandowo unali wopanda munthu, koma sanakhalepo. Anakhala pansi pambali pake, pamene amakhala munthu wobwera kudzapepesa, ndipo anakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, popanda womufunsa chimene wadzera.